MSONKHO WA KATUNDU: PRETORIA NDIYE ANAGWIRA CIPANDE

M'caka ca 1910 maiko atatu amene anali m'manja mwa Angerezi, Basutoland, Bechuanaland ndi Swaziland, analowetsedwa m'pangano la msonkho wa katundu pamodzi ndi South Africa. Eni dziko sanakhale nawo pa upo. Wowalankhulira anali Lord Gladstone, yemwenso anali Bwanamkubwa wa South Africa: munthu mmodzi kuimira wogulitsa ndi wogula yemwe.

Pongomva, panganolo linali lokoma. Katundu aziyenda pakati pa maiko anaiwo popanda msonkho, koma wocokera kutsidya kwa nyanja azilipira msonkho umodzi, ndipo ndalama zace zizigawidwa. Gawo la maiko atatuwo pamodzi linali pafupi £1 6s. pa £100 iri yonse, ndipo linakhala comweco zaka 59.

Cobvuta cinali pa funso ili: woika msonkhowo ndani? Anali akuluakulu a Boma ku Pretoria okha. Kuyambira 1925 iwo anakweza msonkho pa katundu wakunja kuti mafakitale a ku Joni ndi ku Durban akule. Munthu wa ku Maseru wofuna bulangete kapena nsapato anayenera kugula za ku South Africa pa mtengo wokwera, cifukwa zakunja zinali zitadula koposa. Pamenepa dziko lace linataya kawiri. Iye analipira zambiri m'sitolo, ndipo Boma lace silinapate kanthu pa bulangetelo, popeza silinadzere pa doko. Fakitale ndi nchito zinatsala ku South Africa. Basuto anazilondola komweko ndi mapazi.

Ngakhale ufulu wogulitsa unali wa pakamwa cabe. Alimi acizungu atadandaula, South Africa inaletsa mu 1924 ng'ombe zopepuka kulowa m'misika yace, ndipo lamuloli linapweteka Abechuana, amene cuma cao ndi ng'ombe, kufikira 1941.

Anthu a ku Nyasaland anaziona zotere atalowa m'Citaganya mu 1953, pamene msonkho unachinjiriza mafakitale a ku Salisbury ndi ku Bulawayo, nsaru zotsika mtengo zakunja nizikwera.

Maiko atatu aja anapeza mau atalandira ufulu, awiri mu 1966 ndi Swaziland mu 1968. Pa 11 December 1969 anasaina pangano latsopano ku Pretoria. Gawo lao linayamba kuwerengedwa monga mwa katundu amene amagula, ndi kuonjezapo 42 pa 100 iri yonse ngati cipepeso, ndipo analoledwa kuchinjiriza mafakitale ao ang'ono zaka 8. Koma mphamvu yoika msonkho inatsalabe ku Pretoria. Pangano lonena kuti maiko onse aziweruzira pamodzi linadza mu 2002 ku Gaborone, Namibia ali momwemo, ndipo likulu la bungwelo linaikidwa ku Windhoek.