Mpini wa Khasu ndi Pulogalamu ya Makalata

Mlimi akagula khasu kusitolo amagula chitsulo chokha. Mpini amakadula yekha kuthengo, nausema molingana ndi msinkhu wake ndi kukula kwa chikhatho chake, pakuti adziwa kuti mpini wopitirira muyeso umathyola msana dzuwa lisanafike paliwombo. Ena akatha kusema amawotcha timizere tokongola pampinipo kuti khasu lawo lisasokonezeke ndi la mnansi. Kusema ndi kukometsera zonse zichitika pamtengo umodzi, koma kulemera kwake n'kosiyana. Timizere tikakhota, munda ulimidwa ndithu. Bowo lolowamo msuka likalakwika, khasu limaguluka ndi kutema phazi la mwini wake.

Fanizo limeneli liyenera kukhala m'maganizo mwa mphunzitsi aliyense, ndiponso mwa mnyamata kapena mtsikana amene wangotsiriza sukulu, pamene ayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yolandirira ndi kutumizira makalata a pakompyuta, aja atchedwa imelo. Masiku ano kalata yofunsira ntchito, yopempha malo kukoleji, ngakhale yoitanira aphunzitsi kumsonkhano, kawirikawiri imadzera njira imeneyi. Tsono funso n'lakuti: chida chonyamula zinthu zofunika chotere, mwini wake angachiseme mpaka pati, ndipo kusemako kudza ndi udindo wanji?

Munthu amene adayamba kutumiza makalata kuchoka pakompyuta ina kupita pa inzake kudzera pa ARPANET ndi Ray Tomlinson wa ku America, m'chaka cha 1971, ndipo ndi iyeyo adasankha chizindikiro cha @ kuti chizilekanitsa dzina la munthu ndi dzina la kompyuta. Lero pali njira ziwiri zazikulu zowerengera makalatawa. Yoyamba ndiyo kutsegula tsamba la kampani pa intaneti, monga Gmail imene Google idayambitsa mu 2004. Kumeneko makalata amasungidwa ndi kampaniyo, ndipo maonekedwe ndi machitidwe a tsambalo amalamula ndi eni ake. Yachiwiri ndiyo kuika pulogalamu pakompyuta ya munthu mwini, imene imakatenga makalata ndi kuwasunga pafupi, kotero kuti angathe kuwerengedwa ndi kuyankhidwa ngakhale intaneti itaduka, mayankhowo n'kudzanyamuka ikabwerera. Kwa munthu wogula intaneti ya ndalama zochepa tsiku ndi tsiku, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Mwa mapulogalamu a mtundu wachiwiriwu muli ina yotchedwa Claws Mail, imene ionetsa bwino nkhani yonseyi. Kholo lake ndi Sylpheed, yomwe Hiroyuki Yamamoto wa ku Japan adatulutsa m'chaka cha 2000. Mu 2001 anthu ena ongodzipereka adayamba nthambi yoyeserapo zinthu zatsopano, naitcha Sylpheed-Claws. Nthambiyo idakula mpaka kuima payokha, ndipo mu 2006 idalandira dzina lakuti Claws Mail. Imaperekedwa ulere pansi pa chilolezo cha GPL, chimene Richard Stallman adalemba koyamba mu 1989, chopatsa munthu aliyense ufulu wowerenga m'mene pulogalamu idapangidwira, kuisintha ndi kugawira anzake. Pulogalamu imeneyi ili ndi makomo awiri amene mwini kompyuta angadzereko pofuna kuisandutsa yakeyake. Khomo loyamba ndi la tizithunzi, lachiwiri ndi la malamulo akunja.

Tizithunzi ndi tija timaoneka pamabatani: envulopu yoimira kalata yatsopano, muvi wokhota woimira kuyankha, nkhuti ya zinyalala yoimira kutaya. Tidayamba kudziwika ndi kompyuta ya Xerox Star mu 1981, ndipo tidafala ndi Macintosh ya 1984, imene tizithunzi take tambiri adajambula ndi Susan Kare. Mu Claws Mail gulu la tizithunzi ndi foda chabe, momwe muli kachithunzi ka batani lililonse, kalikonse ndi dzina lake loikika, pamodzi ndi fayilo yaing'ono yonena dzina la gululo ndi la wojambula. Munthu akasankha gulu lina, pulogalamu imavula chovala chakale ndi kuvala chatsopano nthawi yomweyo. Ndipo popeza ndi foda wamba, aliyense wodziwa kujambula angathe kupanga gulu lakelake.

Alipo amene amanyoza zimenezi nati ndi masewera a ana. Iwowa alakwa. Mphunzitsi amene maso ake ayamba kuchita chidima amapindula ndi tizithunzi tooneka bwino, ndipo munthu wosatha kusiyanitsa zofiira ndi zobiriwira, vuto limene limagwira amuna ambiri kuposa akazi, amafuna tizithunzi tosiyana m'maumbidwe ake osadalira mtundu wokha. Komanso nkosayenera kuganiza kuti chithunzi ndi chinenero chomveka kwa anthu onse. Bokosi la makalata la kambendera kofiira pambali ndi la m'misewu ya ku America. Mwana amene adakula akuona makalata akutengedwa kupositi ofesi salizindikira konse. Kachithunzi ka disiki yakale ya makona anayi kakali kuimira kusunga, chonsecho ophunzira ambiri a lero sadaigwirepo disikiyo m'manja. Choncho kusankha tizithunzi tomveka kwa wogwiritsa ntchito ndi chinthu chanzeru.

Komatu khomo limeneli lili ndi malire ake. Kusintha tizithunzi sikufulumizitsa kalata, sikuiteteza kwa akuba, ndiponso sikuchepetsa ntchito ngakhale ndi mphindi imodzi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wachinyamata amene watha madzulo onse akusinthasintha maonekedwe a pulogalamu, napita kukagona akudziyesa katswiri, wawotcha timizere pampini koma khasu sadaliike.

Mphamvu yeniyeni ili kukhomo lachiwiri, ndipo chiyambi chake n'chakale. Ku Bell Labs, kumene kudabadwira Unix, Douglas McIlroy adalimbikira ganizo lakuti mapulogalamu ang'onoang'ono, iliyonse yodziwa ntchito imodzi bwinobwino, azilumikizidwa ngati mipope ya madzi, zotuluka mu ina zizilowa mu inzake. Ken Thompson adaika ganizoli mu Unix m'chaka cha 1973, ndipo chizindikiro chake ndi kamzere koimirira aka: |. Makompyuta oyendera Linux adatengera mwambo womwewo. Muli timapulogalamu monga wc kowerenga kuchuluka kwa mawu, grep kofufuza mawu m'mafayilo ambiri nthawi imodzi, ndi cp kokopera mafayilo kuchoka pena kupita pena.

Claws Mail imasunga kalata iliyonse monga fayilo payokha yokhala ndi nambala yake, ndipo chifukwa cha ichi timapulogalamu timeneti tingathe kugwira ntchito pamakalata monga pafayilo ina iliyonse. Pagawo lotchedwa Actions munthu amalemba dzina limene afuna ndi mzere umodzi wa lamulo. Akaika %f, pulogalamu imalowetsapo fayilo ya kalata imene wasankha. Akaika %F, imalowetsapo mafayilo a makalata onse osankhidwa. Akayamba mzerewo ndi kamzere koimirira kaja, mawu a m'kalatamo amatsanuliridwa mu pulogalamu inayo. Lamulolo likasungidwa limaoneka pamndandanda, ndipo lingapatsidwe batani lakelake pamwamba.

Phindu lake lioneka bwino ndi chitsanzo. Mphunzitsi wa chinenero walandira zimangirizo makumi asanu ndi limodzi zolembedwa m'makalata, ndipo adauza ophunzira kuti chilichonse chisapitirire mawu 300. Kuwerenga mawu ndi chala kungamdyere Loweruka lathunthu, koma ndi lamulo lakuti | wc -w, chiwerengero chimaoneka akangodina batani. Mlembi wa pasukulu amene afuna kudziwa makalata otchula dzina la wophunzira wina angasankhe makalata a chaka chonse ndi kuwapereka kwa grep. Amene aopa kuti kompyuta idzafa mwadzidzidzi angakhale ndi lamulo lokopera makalata ofunika kukachipangizo kosungira kapadera Lachisanu lililonse. Amene adalemba Claws Mail sadamudziwe mphunzitsi ameneyu, ndipo sadaganizeko za zimangirizo zake. Adangosiya khomo lotsegula kuti iye adzathe kudzithandiza yekha.

Koma walira mvula walira matope. Lamulo lakunja limagwira ntchito ndi mphamvu zonse za mwini kompyuta, ndipo silifunsa ngati iye watsimikiza. Pali kapulogalamu kena ka zilembo ziwiri zokha, rm, kamene kamafafaniza mafayilo osawadutsitsa m'nkhuti ya zinyalala momwe angatoledwenso. Munthu amene wakopera mzere wa lamulo kwa mnzake kapena pa intaneti, osamvetsa tanthauzo la chilembo chilichonse, angathe kutaya malikisi a ophunzira a teremu yonse m'kuphethira kwa diso. Choopsa china n'chakuti kalata ndi chinthu chochokera kunja, cholembedwa ndi munthu amene mwina sadziwika, ndipo kulola kuti zam'kati mwake zilamule kompyuta kuli ngati kupatsa mlendo wapanjira makiyi a nyumba.

Dziko lidaphunzira zimenezi mowawa mu Meyi 2000, pamene kachirombo ka kompyuta kotchedwa ILOVEYOU kadabuka ku Philippines. Kadafika ngati kalata yachikondi yokhala ndi fayilo yomatidwa, yooneka ngati ya mawu wamba pamene idali pulogalamu. Aliyense amene adaitsegula adaiyendetsa osadziwa. Iyo idaononga mafayilo a zithunzi ndi ena, nidzitumiza yokha kwa anthu onse a m'buku la maadiresi la Microsoft Outlook. M'masiku owerengeka makompyuta mamiliyoni ambiri adagwidwa, mpaka makampani ndi maofesi a maboma ena adayamba atseka makalata awo. Anthu amenewo adayendetsa lamulo limene sadalione. Wokopera lamulo limene salimvetsa sasiyana nawo kwenikweni, kungoti iye walilowetsa ndi manja ake.

Poona zoterezi ena amati ndi bwino munthu wamba asakhudze konse zimenezi, akhutire ndi pulogalamu ya pafoni monga idabwerera, pakuti akatswiri a kampani adziwa bwino koposa. Mfundo yawo siyopanda pake. Kusema chida kuli ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina zimene munthu adamanga zimagwa pulogalamu ikasintha. Pamene Thunderbird 78 idatuluka mu 2020, zoonjezera zambiri zakale zimene anthu adazolowera zidaleka kugwira ntchito, ndipo ena adayenera kuyambanso kukonza. Koma amene asiya zonse m'manja mwa kampani nayenso sali pamtendere. Google idatulutsa Inbox by Gmail mu 2014, anthu naikonda, ndipo mu 2019 idaitseka. Makalata awo sadatayike, koma machitidwe amene adazolowera adapita, iwo alibe chonena. Kusintha kumafikira onse awiri. Kusiyana kwake n'kwakuti amene adaphunzira kumene makalata ake amakhala, ndi m'mene pulogalamu ina imalankhulira ndi inzake, amanyamula nzeruyo kulikonse kumene apita, pamene mnzake uja amangodikira kuti auzidwe batani latsopano.

N'chifukwa chake aphunzitsi, makamaka a maphunziro a kompyuta, asatseke makomo awiriwa, koma atsogolere ophunzira kulowamo mwadongosolo. Tizithunzi tikhale poyambira, pakuti m'menemo mulibe choopsa, ndipo mwana amene wasintha kachithunzi kamodzi ndi dzanja lake amazindikira kuti pulogalamu ndi chinthu chopangidwa ndi anthu, chotheka kuchimasula ndi kuchimanganso. Kenaka aphunzire lamulo limodzi longowerenga, losasintha kanthu, monga lija lowerenga mawu. Malamulo osuntha kapena kufafaniza adze pamapeto, ndipo adze ndi miyambo itatu yosaphwanyika: wophunzira afotokoze ndi pakamwa pake ntchito ya chilembo chilichonse asanadine, ayesere pamakalata okopera, osati enieni, ndipo asunge makalata ofunika pamalo achiwiri asanayambe. Chimene sachimvetsa afunse, pakuti safunsa adadya phula.

Kwa amene atsiriza sukulu nayamba kufunafuna ntchito, phunziro ndi lomweli. Kutumiza imelo adziwa ndi ambiri, ndipo olemba ntchito sachita nako chidwi. Koma kalaliki amene angathe kusandutsa ntchito yobwerezabwereza ya maola awiri kukhala ya batani limodzi, nadziwanso pamene ayenera kuchotsa dzanja lake chifukwa sakumvetsa, ndi munthu amene ofesi imavutika kumtaya. Luso limenelo silifuna kompyuta yatsopano kapena ndalama zogulira pulogalamu, pakuti Claws Mail ndi yopepuka ndipo imayenda ngakhale pamakina akale. Chimene lifuna ndi kudekha, ndi mtima wofuna kudziwa chimene chichitika kuseri kwa batani. Wakometsera pulogalamu yake wachita bwino. Koma asanailumikize ndi lamulo lakunja, ayambe waonetsetsa kuti msuka wakhazikika m'bowo, chifukwa phazi lili pafupi ndi lake lomwe.