Dengu la agogo ndi mfundo ziwiri

Ana inu, khalani cete mumve. Inu makolo, werengani tsamba ili pamodzi ndi ana madzulo, cifukwa nkhaniyi ndi yanunso.

Agogo anga anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mu 1993 agogo anabwerera kwathu ku Zóbuè. Anapeza nyumba itagwa, munda utasanduka thengo. Anali ndi ana anayi ndi dengu limodzi.

Anthu ena ankati, "Ife ndife osauka. Palibe comwe tingacite." Agogo anakana mawu amenewo. Iwo anayang'ana mseu. Zóbuè ili pa malire a dziko lathu ndi Malawi. Mseu wocokera ku Tete kupita ku Blantyre umadutsa pomwepo. Magalimoto akuluakulu amaima pa malire kudikira mapepala. Agogo anati, "Oyendetsa magalimoto awa amamva njala. Munthu wanjala agula nthoci."

Anayamba ndi nthoci za dengu limodzi. Koma mverani bwino apa. Agogo sanaphunzire kulemba, ndiye kope lawo linali nsalu. Pa nsalu yawo anamanga mfundo ziwiri. Mfundo yoyamba inali ya mpamba, ndalama zogulira nthoci za mawa. Mfundo yaciwiri inali ya phindu. M'phindumo ankacotsa za mcere ndi sopo, zotsala ankasunga.

Ankasungiranji? Njinga. Anauza ana awo onse kuti, "Mvula ikagwa kawiri, pakhomo pano pakhale njinga." Amayi anga, omwe anali aang'ono nthawiyo, ankalirira shuga. Agogo sankamasula mfundo ya mpamba ngakhale mwana alire cotani. Amayi amaseka lero akamakamba, koma nthawiyo sankaseka.

Tsiku lina nthoci zonse zinapsa nthawi imodzi, ndipo theka linaola. Agogo analira usiku. M'mawa ananyamula theka lotsala n'kupita ku mseu. Njinga inacedwa. Inabwera pa mvula yacitatu, ndipo inali yakale. Koma inabwera. Amalume anayamba kukatenga mbatata ndi kabici pa njinga, dengu limodzi linasanduka matumba.

Ine ndiganiza motere. Mtima wosataya ndi wofunika, pakuti munthu wonena kuti "sindingathe" sanyamula ngakhale dengu. Koma mtima wokha sugula njinga. Pafunika colinga cokhala ndi dzina, mtengo wake ndi nthawi yake. "Ndifuna kulemera" si colinga, ndi maloto. "Ndifuna njinga mvula yaciwiri isanathe" ndico colinga.

Izi zimaonekanso ku Moatize, kumunsi kotentha, komwe amakumba malasha. Kampani ya Vale inayamba kutulutsa malasha mu 2011, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodi kwa Vulcan. Anthu ambiri anabwera kudzafuna nchito, ndipo ogulitsa anacuruka. M'bale wanga wina anatsegula baraka kumeneko. Anali munthu wokondwa, wa ciyembekezo cacikulu. Ankati, "Ndalama za malasha sizitha." Ankagulitsa bwino, koma mpamba ndi phindu zinali m'thumba limodzi. Anzake ankatenga katundu pa ngongole, iye osalemba. Mwezi wina anapeza mashelefu ali mbee, thumba lilinso mbee. Ciyembekezo anali naco, mfundo ziwiri analibe.

Tsopano ana inu, tiyeni tiwerenge. Tolani miyala 13. Tiyerekeze kuti amayi agula matimati ndi miyala 10. Agulitsa onse, apeza miyala 13. Ikani miyala 10 kumanzere. Umenewo ndi mpamba, osaukhudza. Kumanja kwatsala ingati? Kwatsala 3. Limenelo ndi phindu. Amayi akagula mcere ndi miyala 2, asunga mwala 1. Masiku 10 akatha, asunga miyala ingati?

Makolo, amene muli pa xitiki mukudziwa kale zimenezi. Mumasonkha pang'ono pang'ono, ndipo mumadziwa tsiku lanu lolandira. Tsikulo lisanafike, nenani pamaso pa ana cimene mudzagule. Mwana akamva kuti ndalama za mwezi wamawa ndi za mbuzi, sadzalirira masiwiti kwambiri. Adzalira ndithu, koma pang'ono.

Ndili ndi dandaulo limodzi. Tsiku la msika, m'kalasi mwanga mumakhala malo opanda anthu. Ana ali ku mseu, anyamula mbale ya mtedza pamutu, akuthamangira magalimoto. Ndidziwa kuti pakhomo pafunika ndalama, nanenso ndinakulira pa dengu. Koma mwana wa kalasi yoyamba akajomba, amaphonya manambala omwe akanakuthandizani kulemba ngongole ndi kubweza cenji colondola. Mseu uja ulinso ndi ngozi kwa mwana wamfupi, woyendetsa galimoto yaikulu samuona msanga. Mtedza mugulitse ndinu. Mwana abwere kusukulu, madzulo akuwerengereni.

Ana inu, nchito yanu ya kunyumba ndi iyi. Funsani amayi, abambo kapena agogo kuti, "Tikusungira ciani caka cino?" Jambulani cinthuco m'kope mwanu. Lolemba mubwere ndi cithunzico, ndi miyala yanu 13.