Kuseri kwa Mpando wa Pikapu Yanu Kuli Chiyani?



Mwezi uno ndikufuna tikambirane za malo aang'ono kwambiri, oti ena mudabwa kuti afika bwanji m'kalata yathu ya ulimi ndi usodzi. Ndikunena kampata kaja kali kuseri kwa mpando m'mapikapu athu akalewa a zitseko ziwiri, a Toyota Hilux, Nissan Hardbody, Isuzu KB, ngakhalenso ka Nissan 1400 kamene anyamata athu ena anabwera nako kuchokera ku Joni. Ukakoka kachitsulo n'kupindira mpando kutsogolo, umapeza mpata woti munthu sangakwanemo, koma katundu amalowa wochuluka ndithu. Ine ndikuti ambiri a ife tasokoneza ntchito ya malo amenewa. Zoyenera kukhalamo tinazichotsa kalekale, ndipo m'malo mwake tinalowetsamo zinthu zoti zingaphe munthu.

Kuno kunyanja pikapu imagwira ntchito ya mudzi wonse. Mamawa yanyamula usipa ndi utaka kupita ku Limbe kapena ku Lilongwe, pobwerera yatenga feteleza ndi malata, Lachisanu yatengera okalamba ku mzikiti, tsiku lina yanyamula janaza. Usiku mayi akayamba kumva kupweteka kwa kubereka, ambulansi ndi yomweyo. Ndipo wodwala, wokalamba kapena mayi wa mwana wakhanda timamukhazika kuti? Kutsogolo, chifukwa timati ndiko kwaulemu ndi kotetezeka. Msana wake umatsamira pampando umene kuseri kwake sitinayang'aneko miyezi isanu ndi umodzi.

Tiyambe ndi petulo, poti ndiye wandidetsa nkhawa koposa. Tonse tikudziwa mmene mafuta akhala akuvutira zaka zapitazi. Msodzi amene ali ndi injini ya boti akapeza malita khumi, amawasunga ngati golide, ndipo malo amene amaona kuti mbala sizingafike ndi kuseri kwa mpando. Amathira m'chigubu cha mafuta ophikira, chivundikiro chake chomata ndi kapepala ka pulasitiki, n'kuchigoneka chammbali kuti mpando utsekeke. Chimene chimayaka pa petulo ndi mpweya wake, ndipo mpweyawo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho suuluka n'kutuluka pawindo ayi, umakhazikika pansi pamene pali mapazi. Pansi pomwepo ndi pamene padutsa mawaya akale, ena osupuka, ena olumikizidwa ndi manja n'kukulungidwa ndi pepala la shuga. Kamoto kakang'ono kothetheka pawaya, kapena ndudu ya munthu amene mwamukweza pamsewu, n'zokwanira. Mwezi wa October ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, galimoto yotsekedwa magalasi itaima padzuwa imasanduka uvuni. Chigubu chimafufuma, chivundikiro chimayamba kudontha.

Ngakhale moto usabuke, fungo lokhalo limapweteketsa mutu ndi kuchititsa chizungulire. Dalaivala amene wachezera usiku kudikira asodzi padoko, kenako n'kumapuma petulo ulendo wonse wokwera mapiri a ku Golomoti kapena njira ya ku Namwera, ameneyo maso ake sali bwino. Kale ku America mapikapu a Chevrolet ndi Ford ankapangidwa thanki ya mafuta ili kuseri kwa mpando momwemo, koma m'zaka za m'ma 1970 opanga anaichotsamo n'kuiika kunja, pansi pa galimoto. Iyo inali thanki yachitsulo yopangidwira ntchitoyo. Ife tikubwezeramo chigubu cha pulasitiki.

Chachiwiri ndi mankhwala a m'munda ndi a m'nkhokwe. Chibwerere ntchemberezandonda m'minda yathu, makomo ambiri amagula mankhwala opopera monga cypermethrin. Nthawi yokolola timagula Actellic wothira m'chimanga kuopa anankafumbwe. Kuli mapiritsi aja ofukizira matumba, amene akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha, ndipo m'malo otsekeka ngati kutsogolo kwa galimoto ngozi yake ndi yaikulu zedi. Kulinso tameki amene ena amagulabe kuti aphere makoswe. Zonsezi ndazionapo kuseri kwa mipando ya anthu abwinobwino, opemphera, pambali pake pali jumbo ya mandazi, botolo la thobwa ndi kanyenya wopita kwa ana kunyumba. Choipitsitsa ndi mankhwala ogawana ndi mnzako n'kuthira m'botolo la zakumwa. Mwana akakwera m'galimoto itaima pakhomo, dzanja lake limalowa paliponse, ndipo botolo la chakumwa amalidziwa bwino.

Ndikudziwa zimene eni magalimoto muyankhe, chifukwa takambiranapo pakhonde la mzikiti. Mumati, "Shehe, kumbuyo kuli anthu a matola, kuli dzuwa, kuli mvula, kuli akuba. Ndikaika petulo kumbuyo ndikafika alipo?" Nkhawa imeneyi ndi yoona, sindikuipeputsa. Koma yankho lake lili kwa wowotcherera. Mupangitse kakhola kachitsulo kokhala ndi loko pangodya ya kumbuyo, kowotcherera kapena komanga ndi mabawuti, koti chigubu chiziima chilili osagwedezeka. Chigubucho chikhale chachitsulo kapena chopangidwira mafuta, ndipo musamachidzaze mpaka pakamwa. Mankhwala akhale m'mabotolo awo omwe munagulira, chizindikiro chili pomwepo, muwaike m'ndowa yotseka bwino, kutali ndi nsomba ndi ufa. Kunena zoona, tsiku lonyamula nsomba lisakhale tsiku lonyamula mankhwala. Wogula ku Limbe sakudziwa kuti usipa wake unayenda ndi chiyani, watikhulupirira basi, ndipo chikhulupiriro chimenecho ndi amana imene tidzafunsidwe.

Tsono m'malomo mukhale chiyani? Opanga Hilux ya zitseko ziwiri anaika jeke ndi zida zake kuseri kwa mpando, jekeyo yomangidwa pamalo pake kuti isasunthe. Pamodzi nayo pamakhala timitengo tachitsulo timene amalumikiza n'kulowetsa pakabowo ka kumbuyo potsitsa tayala la sipeya limene limapachikidwa pansi pa galimoto. Ndi angati a ife amene tidakali nato timitengoti? Ambiri jeke inabwerekedwa chaka chatha, sipanala ya matayala ili kwa mlamu, ndipo tcheni chotsitsira sipeya chinagwira dzimbiri ndi madzi a nsomba moti sichinazungulirepo chigulireni galimoto. Ndiye tayala likaphwa panjira ya ku Makanjira nthawi ya dzinja, dzuwa litalowa, uli ndi madengu a nsomba zaziwisi, umakhala pansi kudikira wachifundo. Nsomba sizidikira. Mayi wodwala uja ndiye osanena.

Ena amati zonse ndi Allah. N'zoona, palibe chochitika popanda chilolezo chake. Koma tonse tinaphunzira ku madrassa za munthu amene anafunsa Mtumiki (swallallahu alaihi wasallam) ngati amange ngamira yake kapena angoisiya n'kudalira Allah, ndipo anauzidwa kuti ayambe waimanga kenako adalire. Kuyenda ulendo wa makilomita mazana awiri wopanda jeke n'kumati ndi tawakkul, kumeneko n'kunamizira chipembedzo ulesi wathu.

Kuwonjezera pa jeke ndi sipanala, mukhale kathabwa kolimba koikapo jeke, chifukwa mchenga wa kunyanja kuno jeke imangomira. Mukhale ma triangle awiri, chingwe chokokera, tochi yoyaka, pulayala, mafyuzi, fanibeluti yapadera, malegeni, ndi kabokosi ka mabandeji ndi magolovesi. Chozimitsira moto ndiye chikhale pamalo oti dzanja lifike msanga chitseko chikangotsegulidwa, osati pansi pa mulu wa katundu. Ambiri timachigula kuti tionetse apolisi a pamsewu ndi pokatenga COF, kenako timachiiwala. Muziyang'ana kamuvi kake ngati kadakali pobiriwira, ndipo nthawi ndi nthawi muzichitembenuza n'kuchigwedeza kuti ufa wa m'kati usaumbike. Moto wa petulo sitithira madzi, amangoumwaza. Ngati chozimitsira palibe, mchenga umathandiza. Botolo la madzi oyera likhalemonso, lakumwa ndi la udhu, koma lolembedwa bwino ndipo lisamasinthane ndi la madzi a batire.

Zida zimenezi zisangoponyedwa. Jeke ndi chitsulo cholemera. Pamipando yakaleyi kachitsulo kogwira msana wa mpando kanatha mphamvu, ena anachita kumanga ndi waya. Ng'ombe ikadumphira pamsewu wa M5 n'kuponda mabuleki mwadzidzidzi, zonse zili kumbuyo zimakankha mpando, mpando n'kukankha munthu kupita kugalasi. Choncho kagwiridwe ka mpando kakonzedwe kaye, ndiye zina zitsatire.

Bokosi lake kalipentala aliyense wa pamsika angalipange, bola mumuuze bwino. Msana wa mpando umapendekera kumbuyo, choncho mpata ndi wotakata pansi, wopanikiza kumwamba, ndipo bokosi liyenera kutsatira mapangidwe amenewo. Mubweze mpando mpaka pamene dalaivala wamtali amaufikitsa, ndiye muyeze. Mukayeza mpando uli kutsogolo mudzapeza kuti mawondo akugunda chiwongolero. Njira yosavuta ndi kudula katoni kaye, kuyesa ngati mpando ukutsekeka mpaka kumveka kuti wagwira, kenako kupereka katoniyo kwa kalipentala. Matabwa akhale opepuka, m'kati mugawe zipinda kuti zitsulo zisamagundane, ndipo chilichonse cholemera chikhale pansi, chomangidwa ndi malegeni. Pomanga bokosi ku galimoto, gwiritsani ntchito mabowo ndi mabawuti amene alipo kale. Ngati mukuboola pena, yambani mwasuzumira kunsi, chifukwa kumadutsa mapaipi a mabuleki, a mafuta ndi mawaya. Musatseke kapena kumasula pamene pamangidwa malamba a mpando. Amene alibe ndalama ya matabwa, telala angasoke thumba la tenti lokhala ndi matumba angapo lopachika pakhoma la kumbuyo, ngakhale jeke ndi sipanala zifunikabe kumangidwa pansi.

Mukatulutsa zonse kuti muyeze, mutukulenso mphira wa pansi muone chitsulo. Magalimoto a nsomba amadyeka ndi dzimbiri mofulumira, ndipo bowo la pansi pamenepo limalowetsa fumbi, madzi ndi utsi wa ekizozi. Utsi umenewu mbali yake yoopsa ilibe fungo, imangobweretsa tulo. Bowo liwotcheredwe. Musesenso nyenyeswa za usipa ndi chimanga, chifukwa n'zimene zimaitana makoswe, ndipo khoswe akalowa amayamba ndi mawaya.

Pali nkhani ina imene monga imamu sindingaidumphe. Madalaivala athu ambiri, Allah awalipire zabwino, amayenda ndi mkeka wopempherera ndi Qur'an kuti swala isawadutse panjira. Koma kawirikawiri mkekawo umapezeka pansi, wapindidwa pamodzi ndi nsanza zopukutira oilo, wanyowa ndi madzi osadziwika, nsapato zamatope zili pamwamba. Qur'an nayo yatsamiritsidwa ku jeke. Popemphera timafuna malo oyera, ndipo Buku la Allah timaliika pamwamba ndi paukhondo kunyumba kwathu. Galimoto isasinthe zimenezo. Pa dashibodi sipabwinonso, dzuwa limaumitsa mapepala ndi kusungunula guluu. Musoketse kathumba kakekake ka nsalu yoyera, kotseka, kapachikidwe pamwamba pakhoma la kumbuyo chapansi pa galasi, mkeka ulowe m'jumbo yake usanalowe m'menemo. Mapepala a galimoto, blue book ndi a inshuwalansi, akhale m'pulasitiki yawoyawo.

Za ndalama ndinena mwachidule. Aliyense padoko akudziwa kuti wogulitsa nsomba amabisa ndalama kuseri kwa mpando, ndiye pamenepo sipobisika. Airtel Money ndi Mpamba zilipo.

Amayi, inunso nkhaniyi ndi yanu, ngakhale makiyi sali m'manja mwanu. Ndinu amene mumakwera kutsogolo ndi ana pamiyendo, ndiponso ambiri a inu ndinu ochita hayala magalimotowa kunyamulira nsomba zanu. Mukamva fungo la petulo kapena la mankhwala mutangolowa, funsani mwaulemu kuti, "A dalaivala, kuseriku kuli chiyani?" Mwalipira, muli ndi ufulu wofunsa. Ndipo inu a dalaivala musakwiye nalo funsolo.

Ndikupempha makomiti a mizikiti ndi a m'madoko kuti Lachisanu lina mvula isanayambe, ikatha swala ya Ijumaa, eni mapikapu aimike magalimoto awo pabwalo, apinde mipando, atulutse zonse aziyale pamphasa. Pakhale makaniko mmodzi, kalipentala mmodzi ndi wowotcherera mmodzi oti ayeze ndi kunena mitengo pomwepo. Amene jeke yake ili kwa mlamu akaitenge Lachinayi.