Chisipanishi, Chifalansa kapena Chiswahili: ophunzira a ku Karonga ayambire pati?

KARONGA: Pamene dziko la Malawi likukulitsa malonda ndi mayiko ena, funso la chiyankhulo chakunja chomwe ophunzira ayenera kuphunzira pambali pa Chingerezi likufunika yankho lomveka, makamaka m'maboma a m'malire monga Karonga.

Chisipanishi chili ndi mphamvu zake. Ndi chimodzi mwa ziyankhulo 6 za bungwe la United Nations, ndipo chimayankhulidwa m'mayiko ambiri a ku Latin America. Komabe mu Africa, dziko la Equatorial Guinea ndilo limadziwika kuti limachigwiritsa ntchito pa za boma, choncho wophunzira wa ku Kaporo kapena ku Chilumba angavutike kupeza woyankhula naye. Chifalansa chilipo kale m'sukulu zina za sekondale, ndipo chimalembedwa pa mayeso a MSCE.

Koma ku Karonga, chiyankhulo chakunja chomwe chimamveka tsiku ndi tsiku ndi Chiswahili. Mafuta a galimoto ndi katundu wina wochokera ku doko la Dar es Salaam amalowera pachipata cha Songwe, ndipo amalonda ambiri amakapikula katundu ku Kasumulu, Kyela ndi Mbeya. Wosadziwa Chiswahili amadalira womasulira pokambirana mitengo, zomwe zimamudyera phindu.

Mu 2019, bungwe la SADC linavomereza Chiswahili kukhala chiyankhulo chake chachinayi, ndipo la African Union linachiika pa ziyankhulo zogwirira ntchito mu 2022. Mu Julaye 2023, pa ulendo wa mtsogoleri wa dziko la Tanzania, Mayi Samia Suluhu Hassan, yemwe anali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza kuti Chiswahili chilowe m'sukulu.

Komatu kulengeza n'kwina, kuphunzitsa n'kwinanso. Pakufunika silabasi ndi mabuku ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, aphunzitsi osulidwa bwino, komanso mayeso a MANEB. Phunziro lopanda mayeso, ophunzira ndi makolo salilabadira. Tisaiwalenso kuti mwana wa ku Karonga amayamba sukulu akuyankhula Chinkhonde kapena Chitumbuka, kenaka n'kukumana ndi Chichewa ndi Chingerezi. Kumuonjezera chiyankhulo china ku pulayimale kungakhale kumusenzetsa katundu wolemera.

N'chifukwa chake kungakhale kwanzeru kuyesera phunziroli m'sukulu zochepa za sekondale m'bomali, komwe odziwa kale Chiswahili alipo ambiri oti n'kusulidwa kukhala aphunzitsi. Chisipanishi chingayambire ku yunivesite, kwa ofuna ntchito za ukazembe ndi zokopa alendo.