Ku intaviyu ya Amazon musabise kuti ndinu a geni

Abale anga a pa gulu pano, kuyambira pomwe Amazon inatsegula sitolo yake ya pa intaneti ku South Africa mu May 2024, funso la intaviyu silikutha. Ena mukufunsira ana anu, ena mwatopa ndi kugona m'basi pa Beitbridge ndipo mukufuna ntchito ya malipiro a pamwezi. Maganizo anga ndi akuti munthu wa geni ali ndi mwayi ku intaviyu imeneyi kuposa mmene amadzionera, koma ambiri amautaya okha chifukwa cha manyazi.

Tiyambe ndi zowawa. Opanda mapepala musavutike n'kusita malaya. Masiku 30 amene amatidindira pa boda ndi a mlendo, salola kugwira ntchito, ndipo Amalawi tilibe pemiti yapadera ngati imene anzathu a ku Zimbabwe ndi Lesotho anapatsidwa. Kampani yaikulu, kaya Amazon kaya Takealot, imayang'ana zimenezi isanakufunseni china chilichonse. Mu 2020 Amazon italengeza ntchito 3,000 zothandiza makasitomala munthu ali kunyumba, inkafuna nzika za South Africa zokhala ndi Matric. Choncho werengani zofunika pa ntchito iliyonse musanawononge data. Amene muli ndi MSCE, ipititseni ku SAQA akaiyeze.

Tsopano kwa inu amene mapepala ali bwino. Amazon ili ndi mfundo 16 zimene amazitcha Leadership Principles, ndipo mafunso ambiri amachokera pamenepo. Safunsa kwambiri kuti mukanatani. Amafuna nkhani yeniyeni ya zimene munachita kale: tsiku limene kasitomala anakwiya, tsiku limene munasankha chochita mulibe nthawi yofunsa munthu, tsiku limene zinthu zinakukanikani. Yankho amalifuna m'dongosolo lotchedwa STAR, kutanthauza kuti munene mmene zinthu zinalili, udindo wanu, zimene munachita, ndi zimene zinatsatira.

Ndiye tandiuzani, ndani ali ndi nkhani zotere kuposa mayi amene watenga katundu wa anthu khumi ku China Mall, wadutsa naye Beitbridge, Nyamapanda, Zobue mpaka Mwanza, ndipo aliyense walandira chake? Transporter wasowetsa chikwama, inu mwabweza ndalama ya kasitomala kuchokera m'thumba mwanu kuti dzina lisaonongeke. Kwacha yagwa katundu ali m'njira, mwawerengetsanso mitengo usiku womwewo. Zimenezi ndi zomwe iwo amazitcha Customer Obsession ndi Ownership, kungoti ife timangoti ndi mmene geni imayendera. Koma pa CV timalemba kuti zaka zisanu sitinali pa ntchito. Zimandiwawa ndikaona zimenezi. Lembani kuti munkayendetsa bizinesi yanu, makasitomala anali angati, maulendo angati pa mwezi, katundu wa ndalama zingati. Manambalawo ali m'kope lanu la ngongole, musawapeke, chifukwa ofunsa amakumba: mukati munapulumutsa oda, akufunsani kuti munaimbira ndani, tsiku liti, ndipo zinatha bwanji. Nkhani yobwereka imathera pa funso lachitatu.

Pali chinthu china chimene chimatigwetsa, ndipo ndi ulemu wathu womwe. Kwathu munthu woleredwa bwino sati "ndinachita", amati "tinayesetsa" kapena "Mulungu anatithandiza". Ofunsa a ku Amazon akamva "ife" amafuna kudziwa kuti inuyo panokha munagwira pati. Ena anena kuti kumeneko n'kudzitama. Ine ndikuti ayi. Pa MRA mukamalongosola katundu wanu simunena kuti ndi wa tonse. Kwa ola limodzi lokhalo nenani "ine", ulemuwo mukaupitiriza kunyumba.

Pa ntchito za mu ofesi mukhoza kukumana ndi anthu angapo motsatizana tsiku limodzi, ndipo mmodzi, wotchedwa Bar Raiser, amachokera ku gulu lina osati limene mukufunsirako. Konzani nkhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi kuti musabwereze imodzimodzi kwa onse. Ngati ndi pa vidiyo, funsiranitu za magetsi, tchajani foni, ndipo musachitire m'shopu makasitomala akukuitanani.

Sindikunena kuti aliyense asiye geni. Malipiro a ntchito yoyambira akhoza kuchepa poyerekeza ndi Disembala wabwino, ndipo kumeneko nthawi yanu amaiwerengera, simungatseke kuti mupite ku maliro ku Mangochi sabata ziwiri. Werengetsani musanagulitse sitoko.

Za akuba ndinenepo mwachidule. Lamulo la South Africa, Employment Services Act ya 2014, sililola kulipiritsa munthu wofuna ntchito kuti amupezere ntchitoyo. Uthenga wa pa WhatsApp kapena Telegram wokhala ndi chizindikiro cha Amazon, wofuna ndalama ya yunifolomu, ya maphunziro kapena yoti "akusungireni malo", ndi wa mbava. Ntchito zenizeni amaziika pa amazon.jobs ndi pa tsamba la ntchito la Takealot. Mukalandira uthenga wotere ujambuleni muuike pano, koma mufufute nambala yanu ndi chithunzi cha pasipoti musanatumize.