Tikudikira maliro kuti tikamuone?

Abale anga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera wokwiya. Amalawife timadzitama ndi umunthu, koma umunthu wathuwo umathera pakhomo la munthu wodwala khansa ya m'matumbo.

Nthendayi imagwira matumbo akulu, modutsa chimbudzi, ndipo zizindikiro zake ndi zinthu zomwe sitikamba pagulu: magazi m'chimbudzi, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa kosatha, kuwonda. Munthu amangobisa, n'kumamwa zitsamba poganiza kuti ndi nthenda ya mudzi, mpaka kukafika kuchipatala itafalikira kale. Nthawi zina madokotala amadula gawo la thumbo n'kuboola pamimba kuti chimbudzi chizigwera m'kathumba komata pakhungu. Ena amavala kathumbako kwa miyezi chabe, ena moyo wawo wonse.

Akatuluka m'chipatala ndiye timayamba kumulanga. Kumsika kwathu mayi wina wogulitsa tomato atabwerako ndi kathumba, makasitomala ake anasamukira pabenchi lina. Anzake a banki mkhonde anamuuza kuti masheya azingotumiza mwana, "kuti azipuma". Kupuma kwanji? Kumeneko n'kuthamangitsa munthu mwaulemu. M'makomo ena wodwala amamupatulira mbale ndi kapu, kutchalitchi amadzikhalira kumbuyo pafupi ndi chitseko, kenako n'kusiyiratu kupita. Tamverani: khansa sipatsirana. Simungaitengere pambale, pamoni wa m'manja, kapena pampando wa minibasi.

Wina ati, nanga fungo? Kathumba komata bwino sikanunkha. Fungo limabwera matumba akatha, munthu n'kumamatira jumbo ndi pulasitala mpaka khungu kusupuka. Umenewo si uve ayi, ndi umphawi.

Amene sathawa ndi namwino. Ndiye amaphunzitsa kudula bowo la kathumba molingana ndi chibowo cha pamimba, kutsuka khungu ndi madzi n'kuliumitsa, ndi kusamala ndi nyemba kapena kabichi tsiku laulendo chifukwa zimachulutsa mpweya. Ndiyenso amayankha mafunso omwe wodwala sangafunse apongozi: kodi ndingasambe? Kodi ndingagonenso mphasa imodzi ndi amuna anga? Ku Tiyanjane, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komanso ku Ndi Moyo ku Salima, ntchito yawo ndi yochepetsa ululu ndi nkhawa za wodwala pamodzi ndi banja lake. Koma malo otere alipo angati? Namwino wa m'wodi yodzadza, odwala mpaka pansi, mpata wokhala pansi n'kucheza aupeza kuti?

Ndiye a Unduna wa Zaumoyo, matumbawa azipezeka mpaka m'zipatala za m'maboma ngati mankhwala ena onse. Wodwala asamatulutsidwe namwino asanaphunzitse gadiyani ndi mwamuna kapena mkazi wake. Amene wazolowera kathumba azimulumikiza ndi watsopano, chifukwa mawu a mnzako wovala chomwecho amalowa kuposa a dokotala.

Koma namwino sangakagule tomato pabenchi lija, sangakhalenso naye pamkeka wa banki mkhonde. Imeneyo ndi ntchito yathu. Tsiku lamaliro tidzabwera ndi nkhuni, ufa ndi chipepeso, amayi amvano adzaimba usiku wonse. Bwanji osapita nazo lero akadali ndi makutu? Pitani, mukakhale naye pafupi, mukadyere naye mbale imodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.