Tileke kuphera mneni pa bolodi

Funsani mwana wa sukulu ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi kuti mneni n'ciani. Adzaimirira, manja kumbuyo, n'kuyankha ngati akunena pemphero: mneni ndi mau oonetsa nchito. Mukati apereke zitsanzo, adzachula zitatu zomwe zija anachula mkulu wake zaka khumi zapitazo: lima, phika, thamanga. Anzake aomba m'manja, aphunzitsi aconga, phunziro latha. Mawa ndi tsiku la mfotokozi, mkuja la muonjezi, mpaka mndandanda wonse wa mitundu ya mau utalowa m'kope.

Ine ndimaphunzitsa Cinyanja ndi Cingerezi pa sekondale ina mu Chipata, ndipo ana ambiri amene ndimalandira ndi ocokera m'maboma atatu amenewa. Ndinena poyera: kaphunzitsidwe aka kakupha cinenero cathu, ndipo kakuphera kumodzi Cingerezi comwe makolo amagulitsira nshawa ndi soya kuti ana awo akacidziwe.

Mwana yemwe uja kamumvereni panja belu likalira. Akukamba ndi mnzake za mlendo amene anadya kwao n'kucoka osathokoza, ndiye akuti: "Tikanadziwa, sitikanamuphikiranso." Liu lomalizalo liphwanyeni muone zili m'kati. Si- akukana. -ti- akutiuza kuti ophika ndife. -kana- akuonetsa kuti zinthu zinacitika kale, tikungodandaula njira imene sitinatsate. -mu- ndiye mlendo uja. -phik- ndi muzu, nchito yeniyeniyo. -ir- akuti phindu la nchitoyo linapita kwa munthu wina. -nso akuti sikanali koyamba. Zidutswa 7, ciliconse pamalo pake, ndipo mukasinthanitsa ziwiri zokha mwana wa zaka zinai adzakusekani. Mngerezi kuti anene zomwezo afuna mau 8: we would not have cooked for him again. Mwanayu wanena ciganizo cathunthu ndi liu limodzi, osapunthwa, m'kamwa muli cigumu. Ndiye ife tamubweza m'kalasi kukamuuza kuti mneni ndi lima, phika, thamanga.

Cimandiwawa kwambiri n'cakuti Cinyanja ca m'mabuku athu cayandikana kwambiri ndi Cicewa cimene ana a ku Katete ndi ku Vubwi amayamwira. Ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana m'mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Kulamba, ndipo amamvana popanda womasulira. Vubwi, imene inali mbali ya Chadiza kufikira 2012, ili m'malire mwenimweni mwa Malawi ndi Mozambique. Ana amenewa amafika pa sukulu ali eni cinenero, ife timawalandira ngati alendo ake.

Mndandanda uja wa dzina, mlowam'malo, mneni, mfotokozi, muonjezi, mperekezi, mlumikizi ndi mfuwu sunamere m'nthaka yathu. Kugawa mau m'mitundu 8 kunayamba ndi Agiriki zaka zoposa 2,000 zapitazo, m'kabuku kamene kamadziwika ndi dzina la Dionysius Thrax. Aroma anakonzako pang'ono kuti kuyenerane ndi Cilatini, Angerezi nawo anatengera. Amishoni atafika kuno anabwera ndi cikombole comweco. David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa dikishonale yake ya Cimang'anja mu 1892, Alexander Hetherwick analemba buku lophunzitsira Cinyanja. Sindiwanyoza, nchito anagwira. Koma mabuku otere anali othandiza mzungu amene ali kale ndi Cingerezi m'mutu kuti apeze polowera m'cinenero cathu. Ife tinatenga makwerero a mlendo n'kumakwezapo mwini nyumba.

Ngakhale azungu anzawo anaona kuti cikomboleco cikupana. Clement Doke, amene anayamba nchito yake pakati pa Alamba kuno ku Zambia, anatulutsa buku mu 1935 lolimbikitsa kuti zinenero za Bantu zizifotokozedwa ndi magawo akeake. Ndiye anapatsa mvekero, mau onga phwii, zii ndi mbuu, malo ake paokha. Mu 1937 Mark Hanna Watkins, munthu wakuda wa ku America, anasindikiza galamala ya Cicewa, ndipo amene anali kumuuza mau ku Chicago anali wophunzira wina dzina lake Kamuzu Banda. Mu 2004 Sam Mchombo, Mmalawi wophunzitsa ku Berkeley, anatulutsa The Syntax of Chichewa ku Cambridge, ndipo mbali yaikulu ya bukulo ikukamba za tizidutswa tomwe tija, -ir-, -its-, -an-, -idw-. Akatswiri a kunja amathera zaka pa zimene ife timadumpha Lacisanu masana kuti timalize silabasi.

Onani mmene cikomboleco cimapanira. Timathera milungu pa mfotokozi cifukwa m'Cingerezi afotokozi alipo zikwi. M'Cinyanja afotokozi enieni mungawawerenge pa zala: -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi, -wisi, -kali, -muna, -kazi, ndi ena ocepa. Nanga madzi otentha, nsima yozizira, dothi lofiira, mtsikana wokongola? Onsewo ndi aneni ovala malaya ena: kutentha, kuzizira, kufiira, kukongola. Timauza ana kuti pa, ku ndi mu ndi aperekezi basi, monga on, to ndi in. Koma mwanayo amati pamsika pali anthu, kumudzi kwagwa maliro, m'nyumba mwatentha. Mneni akugwirizana ndi malowo monga agwirizanira ndi munthu kapena mbuzi, cinthu cimene mperekezi wa Cingerezi sangacite. Ndipo zambiri zimene Mngerezi amanena ndi muonjezi, ife tinazilowetsa kale m'mimba mwa mneni: wangofika, akugonabe, asanadye. Kulikonse kumene mungakumbe m'cinenero cino, khasu ligunda mneni.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya m'kalasi cabe. Mwana akagwetsa mbale sanena kuti ndaswa mbale. Amati mbale yasweka. Amai ake, amene mwina sanatsekulepo buku la galamala, amadziwa bwino lomwe cimene -ek- uja wabisa, ndipo amafunsa: yasweka yokha? Pali kusiyana pakati pa yaswedwa ndi yasweka. Yaswedwa imasiya citseko cotsekula, mungathe kufunsa kuti ndi yani. Yasweka imakhoma citseko, wocita mulibe. Tsono mvetserani akuluakulu pa wailesi kapena pa msonkhano wa alimi: ndalama zasowa, mapepala atayika, feteleza wacedwa, mlatho wagumuka. Aneni okhaokha opanda mwini. Munthu amene anaphunzira mneni bwino amamva kuti pali fupa lacotsedwa, ndipo amabwezera msintho pamalo pake: wasowetsa ndani, wataya ndani, wacedwetsa ndani? Mwana amene anangoloweza kuti mneni ndi mau oonetsa nchito adzagwedeza mutu n'kubwerera kunyumba ndi thumba lopanda kanthu.

Tsopano inu a m'makomboni, a ku Kapata ndi ku Mchini kuno ku Chipata, a ku Chawama ndi ku Kanyama ku Lusaka. Mwauzidwa kambiri kuti Cinyanja canu n'cophwanyika, cilibe malamulo, ndipo ena mwa inu mwakhulupirira mpaka mumanyadira kuti ife sitidziwa ca dipu. Amene anakuuzani zimenezo sanamvetsere. Mukati vintu vanga vonse vasila, mwagwirizanitsa mau anai onse ndi gulu la dzina, osaphonya ngakhale limodzi, monga momwe buku licitira ndi zinthu zanga zonse zatha. Vi- ameneyo si ulesi wa m'tauni. Mwana wa ku Sinda amene kwao amakamba Cinsenga amabwera nayenso vi- yemweyo kucokera kwa agogo ake, ndipo naye timamulandira ndi bolopeni yofiira. Onaninso zimene mumacita mukabwereka liu. Munatenga charge n'kupanga kuchaja, ndipo pasanapite nthawi linabala ana: ndikachajitse foni, undichajireko, yachajika, tichajirane. Munatenga fail n'kupanga kufeluka, ndipo aliyense wa inu amadziwa kuti nafeluka ndi ananifelusa si nkhani imodzi pamaso pa atate. Cinenero copanda malamulo sicingameze liu lacilendo n'kulisintha motere.

Sindikunena kuti muzilemba vintu pa mayeso. Cinyanja colembedwa cili ndi kalembedwe kake, kamene unduna wa maphunziro unabvomereza mu 1977, ndipo cimatithandiza kuti wa ku Vubwi ndi wa ku Matero awerenge buku limodzi. Koma njira yofikira kumeneko ndi kuika vi- ndi zi- pa bolodi moyandikana, ni- ndi ndi- moyandikana, mwana aone yekha kuti lamulo ali nalo kale, akungosintha cobvala. Kumucititsa manyazi kumangomutseka pakamwa, ndipo mwana wotseka pakamwa m'Cinyanja satsekula m'Cingerezi.

Apa ndi pamene makolo ndi aphunzitsi anzanga a Cingerezi amandiimitsa. Amati nthawi imene mukutaya pa -ir- ndi -its- bwenzi mwana akuphunzira cinenero ca nchito. Ine ndimaphunzitsa zonse ziwiri, ndipo ndimaona kumene ana amagwera. Amasokoneza I farm ndi I am farming caka ndi caka. Koma palibe mwana wa ku Katete amasokoneza ndimalima ndi ndikulima. Muonetseni kuti -ma- ndi -ku- akugwira nchito yomweyo, nkhope yake iwala. Ziganizo za if I had known zimaopsa ana a magiredi apamwamba ngati cilombo ca usiku, pamene iwo akhala akunena kuti ukanabwera ukanadya kuyambira asanayambe sukulu. Ndipo pamene zinenero ziwirizi zasiyana, mwana ayenera kuuzidwa poyera kuti apa njira zapatukana. Ife timati ndatopa, ndakhuta, wakalamba, zonse ndi aneni, Mngerezi amagwiritsa nchito afotokozi. Ife a- yemweyo ndi wa mwamuna ndi wa mkazi, n'cifukwa cake he ndi she amatisokoneza mpaka ku yunivesite. Mwana amene sanauzidwe zimenezi amaganiza kuti mutu wake ndi wouma.

Boma lasinthasintha maganizo pa nkhani ya cinenero cophunzitsira. Kuyambira 1966 Cingerezi cinali kuyambira giredi 1. Mu 2014 zinenero 7 za m'zigawo, kuphatikizapo Cinyanja kuno ku Eastern ndi ku Lusaka, zinapatsidwa magiredi 1 mpaka 4. Maphunziro atsopano amene anayamba mu 2025 abwezeranso Cingerezi patsogolo. Mkangano umenewo ndi wa tsiku lina. Cimene ndikuona ine n'cakuti nthawi ya Cinyanja pa sukulu yatsala yocepa, ndipo kuithera pa kuloweza matanthauzo a mitundu ya mau ndi kuononga mbeu m'caka ca njala.

Ena amati mayeso amafunsa maina amenewo, tingacite bwanji. Zoona, amafunsa, ndipo maina ali ndi nchito yake. Makanika wa pa Great East Road amadziwa dzina la sipanala iliyonse. Koma anayamba ndi kutsekula injini, manja ali bii, maina anabwera pambuyo. Mwana amene waphwanya aneni makumi awiri ndi manja ake adzagwira liu lakuti tsinde kapena msintho tsiku limodzi, cifukwa cinthuco wacigwira kale. Amene anayamba ndi dzina amaliiwala mayeso akangotha.

Sizifuna ndalama, sizifuna kompyuta. Lembani muzu umodzi pa bolodi, tinene -gul-, muuze kalasi kuti aubereketse: gula, gulira, gulitsa, gulitsira, gulidwa, gulika, gulitsana. Afunseni kuti cifukwa ciani kugulitsa kwacokera ku kugula, pamene Mngerezi afuna mau awiri osiyana. Apatseni tseka ndi tsekula, mata ndi matula, apeze okha ena otere. Auzeni achule ndimalima kawiri, poyamba kunena za caka ciliconse, kaciwiri kunena za dzulo pamene mvula inawapeza m'munda, amve mmene liu likukwerera ndi kutsika ngakhale zilembo sizinasinthe. Pa holide ya Ogasiti atumeni kwa agogo, kumsika wa Katete, kumadimba, abwere ndi aneni khumi amene sanawaonepo m'buku. A ku Vubwi, amene amagwira mawailesi a ku Malawi, atiuze pamene amva adapita ndi pamene amva anapita. A ku Sinda atiphunzitse mmene Cinsenga cimanenera zomwezo, kalasi yonse ifananize.

Ndipo kwa akuluakulu amene amakonza mayeso ku Examinations Council of Zambia ndili ndi pempho limodzi. Pakati pa mafunso ofuna dzina la mtundu wa mau, ikanipo limodzi lotere. Lembani sitikanamuphikiranso, muuze mwana acotsemo -ir-, kenaka afotokoze cimene cacitikira mlendo uja. Mukamva wina akuseka m'cipinda ca mayeso cifukwa waona kuti mlendo wasanduka ndiwo, ameneyo mupatseni mamakisi onse.